Namwino Wokhalira Makhadi

Pachipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika, chomwe khonde lake limayamba kudontha mvula isanaganize n'komwe zogwa, pali namwino wina amene anthu anam'patsa dzina loti Mayi Chiiwale. Dzina lawo lenileni lili pakabaji ka pachifuwa, koma zilembo zinafufutika kalekale ndipo palibe anadandaulapo. Ntchito yawo ndi ya kusikelo: kuveka mwana kakabudula kansalu, kum'koleka pambedza, kuwerenga muvi, n'kuika kadontho pakhadi. Aigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, moti ena amene anawakoleka ali makanda lero akubwera ndi ndevu, atanyamula thumba la matewera.

Dzinalo linabwera chifukwa cha makhadi. Mayi Chiiwale saiwala katemera wa mwana aliyense, saiwala ngakhale munthu amene anabwereka ambulera yawo zaka zitatu zapitazo, koma khadi limawapulumuka m'manja ngati sopo wonyowa. Mayi wina akayezetsa mwana amangomva, "Kodi khadi lanu ndaliika pati? Takhalani pabenchipo, mayi, ndilifuna ndikamaliza mzerewu." Mzere ukatha chitseko chimatsekedwa, ndipo pakapita nthawi khadi limapezeka.

Limapezeka pati? Pansi pa kapilo ka pampando wawo. Amachita kulikhalira. Ndipo poti Mulungu sanawamane thupi, khadilo limatuluka lowongoka ngati lasitidwa.

Nkhani yake ili apa. Mwana akalendewera pasikelo, aliyense m'chipindamo amayang'ana muvi, koma Mayi Chiiwale amayang'ana mayi wa mwanayo. Iwo amati mayi amene ali bwino amakangana ndi sikelo. Amafunsa kuti wakwera, akamva yankho amati sikeloyo ndi yabodza, kunyumba mwanayu amathyola msana. Koma pamabwera wina amene amapereka mwana ngati akubweza katundu wa eni ake, maso ali pakalendala ya chaka chatha imene aliyense anaiwala kuitsitsa. Ameneyo ndiye khadi lake limasowa. Kumufunsa pamzere, pamaso pa akazi makumi anayi amene makutu awo amamva ngakhale nyerere ikutsokomola, n'chimodzimodzi kumuvula pagulu. Bola namwino atchedwe woiwala.

Kusukulu ya unamwino matenda a maganizo ogwira amayi akabereka anawapatsa tsamba limodzi ndi theka. Zotsalazo Mayi Chiiwale anaziphunzira pabedi pawo. Atabereka mwana woyamba, nyumba inadzaza alendo, aliyense kunyamula khanda, kulinunkhiza, kukangana kuti mphuno latengera kwa ndani. Mwini khanda anali pakona, akumva ngati wafunditsidwa bulangete lonyowa, akudzifunsa kuti chikondi cha umayi chimene anthu amanenachi amachitola kuti. Palibe anati, nanga inu? Bulangetelo linauma lokha patatha miyezi yambiri, koma linawasiyira chidwi chosatha. Mayi aliyense akamwetulira, iwo amafuna kudziwa kuti kuseri kwa manowo kuli chiyani.

Chaka chino anakumana ndi wowaposa: amake telala.

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato anakwatira mtsikana wofatsa, ndipo mwana wawo woyamba anali wonenepa, waukhondo, wovala zosoka bambo ake, mpaka kachipewa kokhala ndi thumba limene ntchito yake palibe ankaidziwa. Kusikelo ankabwera atatu: mwana, mayi ake, ndi agogo ake, amake telalawo, munthu wa mawu aakulu ndi chikwama cha zipi zitatu. Khadi linkakhala m'zipi yapakati. Agogo ankalitulutsa okha, kuligwira pakona namwino akulemba, n'kulibwezamo inki isanaume.

Mtsikanayo ankafunsa ndithu kuti wakwera. Koma ankafunsa mwana asanakolekedwe, ngati wophunzira wonena mawu oloweza, ndipo yankho sankalidikira. Mwezi woyamba Mayi Chiiwale anangoona. Mwezi wachiwiri anaona kuti diresi limene linkamuthina likukhwepa, chonsecho telala ali m'nyumba momwemo.

"Mukugona bwanji, amake mwana?" anafunsa.

"Mpaka kuliza mkonono," anayankha agogo.

"Nanga kudya?"

"Mbale imabwera yoyera. Kwathu kulibe njala, anamwino."

"Pakamwa pawo pali chilonda? Ndikuona mukuwayankhira."

"Mpongozi wangayu ndi wamanyazi. Ine ndinabadwa wopanda."

Mwezi wachitatu, Lachitatu lina m'mawa, agogo anakhala pabenchi n'kuyamba kuuza mnzawo nkhani yachinsinsi, chinsinsi chomveka mpaka kochapira. Loweruka akwera basi ndi mwanayo kupita kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu, akamulere okha. Mayi ake atsale, apume. Mayi Chiiwale anasuzumira nkhope ya mtsikanayo. Sanalire, sanatsutse. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva chigamulo chomwe ankachidikira kale. Namwino anadziwa kuti watsala ndi m'mawa umodzi wokha. Mwana akapita, mayiyo sadzapondanso kusikelo. Adzatsala m'nyumba ndi makoma anayi ndi maganizo oti walephera.

Nthawi yawo itakwana, Mayi Chiiwale anayesa nzeru zonse. Anati akufuna kuona khadi powala, agogo anawatsatira pawindo atagwirabe kona. Anagwetsa cholembera, agogo anatola ndi dzanja linalo. Anati anthu achikulire lero akuyezedwa kuthamanga kwa magazi m'chipinda chinacho.

"Ndinayezetsa dzana," anatero agogo. "Ndili bwino kuposa inu."

Zipi inatsekedwa. Atatu aja anatuluka.

Mayi Chiiwale anapitiriza mzere mutu uli kwina. Mwana wina anamuikira kadontho pamwezi wolakwika, mayi ake n'kuwakumbutsa dzina lawo lija mokoma mtima. M'mutu anali akung'amba kale thumba la yunifolomu yawo kuti apeze chifukwa chopitira kwa telala. Koma akafika kumeneko, khomo atsegula ndani? Si chikwama chomwecho?

Mzere utatsala anthu asanu, pakhomo panada. Anali agogo, mpongozi wawo ali kumbuyo ndi mwana.

"Anamwino, khadi lathu mwatibwezera? M'chikwama mulibe."

Mayi Chiiwale anatsegula pakamwa. Analiona ndi maso awo likulowa m'zipi yapakati. Agogo anazungulira tebulo, anawerama, n'kuchita chinthu chimene palibe ankadziwa kuti amatha: ananong'ona.

"Tadzukani pang'ono."

Namwino anadzuka. Agogo anatukula kapilo, analowetsa khadi, anasalaza bwinobwino ndi chikhatho.

"Khalanipo."

"Mwadziwa bwanji?" ananong'onanso namwino.

"Inu mayi, dera lonse limadziwa. Kumpopi timangoti, wakuti khadi lake linasowa, tikam'chapireko matewera. Mumayesa ochenjera ndinu nokha? N'chifukwa chake ine ndimaligwira. Sindinkafuna anene kuti m'nyumba mwa mwana wanga muli munthu wozungulira mutu." Anasuzumira mpongozi wawo pakhomo. "Koma tafika pageti paja, wandiyang'ana n'kunena kuti, amayi, akadzakula mudzamuuze kuti ndinayesetsa. Munthu wotsala kuti apume salankhula choncho."

Atatero anawongoka, analanda mwana kwa mpongozi, n'kutuluka naye pakhonde akudandaula mokweza za anamwino amasiku ano otaya zinthu za anthu. Asanu otsala aja anavomereza ndi mtima wonse.

Chitseko chitatsekedwa, Mayi Chiiwale sanakhale kuseri kwa tebulo. Anathira tiyi m'makapu awiri n'kukhala pabenchi pambali pa mtsikanayo, onse atayang'ana kalendala yakale ija. Anadikira. Kudikira amakutha: anaphunzira pa ana okana kulowa m'kakabudula.

"Mwanayu akukwera bwino," anatero tiyi atayamba kuzirala. "Za iye ndamaliza. Nanga inu, mwananga?"

Mtsikanayo anazunguza kapu m'manja kambirimbiri.

"Ndimamusambitsa. Ndimamuyamwitsa. Koma ndimangokhala ngati ndikudikira kuti mwini wake abwere adzamutenge." Mawu anali otsika, osanjenjemera. "Akalira ndimamva ngati akundineneza kwa anthu. Akagona ine tulo sitibwera. Agogo ake akamunyamula amatonthola. Ndiye ndinaona kuti ali bwino popanda ine."

"Maganizo oti mudzichotse moyo amabwera?"

Funso limeneli Mayi Chiiwale amalifunsa molunjika, ngati akufunsa za chifuwa. Anaona kalekale kuti ukalizungulira, wodwala nayenso amazungulira.

"Amabwera. Sindinachitepo kanthu."

"Mwachita bwino kundiuza."

Anamuuza kuti amenewa ndi matenda, kuvutika maganizo kumene kumagwira amayi ena akabereka. Si ulesi, si mtima woipa, si kulodzedwa. Amagwira aphunzitsi, ogulitsa pamsika, ngakhale anamwino onenepa okhalira makhadi. Pamenepo mtsikanayo anatembenuka n'kuwayang'ana kumaso koyamba m'miyezi itatu.

"Inunso?"

"Ine ndemwe. Ndipo amachira. Koma lero simutuluka muno musanaonane ndi adokotala, ndipo ndikuperekezani ndekha."

Anamugwira dzanja mpaka kuchipinda cha adokotala. Pobwerako anaitana agogo, anatumizanso uthenga kwa telala, amene anafika wefuwefu, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atatu ali pakolala.

"Ine ndimati ndi kutopa chabe," anatero telala atamva. "Ndinamusokera diresi latsopano kuti asangalale."

"Diresi n'labwino, bambo, koma silimva. Mukaweruka muzikhala naye pansi, muzimufunsa, ndipo akayankha musamamukonze ngati buluku."

Kenako anagawa ntchito ngati kapitawo. Masabata amenewa mayiyu asatsale yekha m'nyumba. Mankhwala a adokotala asunge ndi agogo, m'zipi yapakati, poti m'menemo simutuluka kanthu popanda chilolezo. Masana aliwonse telala atseke makina ola limodzi, abereke mwana, mkazi wake agone. Lachinayi lililonse mayiyo azibwera kuchipinda chomwechi, kumene amayi a makhadi osowa amakumana n'kumakambirana. Lachisanu namwino adzadutsa kunyumba.

"Nanga basi ya Loweruka?" anafunsa agogo.

"Ipita yokha. Njira ikuidziwa. Inu mulere mwanayu konkuno, koma akatonthola muzimubwezera kwa mayi ake, osadikira kuti alire kaye."

Agogo anakweza nsidze, koma sanatsutse. Telala akuti chimenechi anali asanachionepo chibadwire.

Sizinathe sabata imodzi ayi. Panali Lachinayi lina limene mtsikanayo sanabwere, Mayi Chiiwale n'kukamupeza atakhala pansi m'khichini, poto ali pamoto wopanda kanthu. Anakhala naye pansi pomwepo, ndipo podzuka namwinoyo anachita kukokedwa ndi anthu awiri.

Za kumpopi zija zinawasowetsa mtendere Mayi Chiiwale. Zaka zonsezi ankayesa kuti akubisa anthu, pomwe ankawapachika chikwangwani. Anaganiza zosiya, koma njira ina yotsekera chitseko sanaipeze. Ndiye anangowonjezera kuiwala. Tsopano amakhaliranso makhadi a amayi athanzi, okangana ndi sikelo omwe, awiri kapena atatu pasabata, n'kuwamwetsa tiyi. Kumpopi asokonezeka. Achapira matewera anthu osadwala n'komwe, ndipo mpaka lero palibe amene wadandaula.

Patatha miyezi itatu, mkazi wa telala anabwera kusikelo yekha, khadi lili m'dzanja lake, lopindika pakona, lodetsedwa ndi mate a mwana. Diresi linali likukhwepabe pang'ono. Anaveka mwana kakabudula, anam'koleka yekha, n'kudikira muvi usiye kugwedera. Anausuzumira, anapendeketsa mutu, anausuzumiranso.

"Anamwino, sikelo yanuyi anaikonza liti? Mwanayu dzulo anandithyola mkono."

Mayi Chiiwale anavala magalasi. Tsiku limenelo nawonso anayang'ana muvi.