Mayi amene sankabwera kudzaona mwana wawo akulandira mphoto

Owerenga anga, sabata ino ndabwera ndi manyazi pang'ono ndi chimwemwe chambiri. Tiyambe ndi manyaziwo, athe msanga.

Ndimaphunzitsa Chichewa Sitandade 7 pasukulu ina kufupi ndi Ngara. Kwathu ndi ku Dedza, kuno boma linandiponya zaka zinayi zapitazo. M'kalasi mwanga muli mtsikana wina, Tusekile, mutu wakuthwa zedi. Kunyumba amayankhula Chinkhonde, pabwalo Chitumbuka, koma akagwira cholembera Chichewa chake chimachititsa manyazi ngakhale ana anga obadwa nacho.

Tsiku lotsekera sukulu lililonse mwanayu amaitanidwa kutsogolo kukalandira kope ndi pensulo. Amene amamuombera m'manja ndi agogo ake, a Mwaisango, bambo a bambo ake, wapampando wa komiti yasukulu, mkulu amene savula jekete ngakhale Karonga atenthe bwanji. Bambo ake ali kuntchito kutali. Mayi ake ali pamudzi pomwepa, koma sindinawaonepo pasukulu ngakhale kamodzi.

Ine mlandu ndinali nditaweruza kale. Ndinanenapo pakati pa aphunzitsi anzanga kuti pali azimayi ena amene mpunga wam'munda amauwerengera kuposa mwana. Ndinanena ndine, ndi pakamwa panga pomwepa.

Sabata yathayo tinkawerenga nthano ina m'buku lathu. Mtengwa wabweretsa madzi osamba m'manja kwa apongozi ake aamuna, wagwada, ndiye akucheza za chimanga. Kalasi yonse inangoti phwa kuseka. Ena anagwira pakamwa.

"Chaseketsa n'chiyani?" ndinakalipa.

Tusekile anaimirira. "Aphunzitsi, bukuli likunama. Mkamwana sangayankhule ndi apongozi ake."

Buku la boma likunama! Ndinatsala pang'ono kumutuma kukasesa bwalo. Koma nditaona kuti ana makumi asanu akugwedeza mitu kumuvomereza, ndinaika choko pansi. Ndinati, chabwino, aliyense alembe nthano yomweyi monga momwe ingachitikire kwawo.

Abale, zimene zinatuluka m'makope amenewo! Ana amene masiku onse amandilembera mizere itatu anadzaza masamba awiriawiri. M'menemo ndi momwe ndinaphunzira kuti pakati pa Ankhonde mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako wamwamuna, sakhala malo amodzi ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana, satchula dzina lawo, akamva kuti akubwera panjira amalowa m'nthochi mpaka adutse. Si udani ayi. Ndi ulemu wa pamwamba kwambiri.

Nthano ya Tusekile inali yoposa zonse, ndipo ndinaisankha kuti adzawerenge tsiku lotsekera. Koma pansi pake anawonjezera timizere iti: "Ndi chifukwa chake amama sanandionepo ndikulandira mphoto. Agogo amakhala kutsogolo, ndiye amama sangafike. Amandidikira pamtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ine ndimawafotokozera. Ndimafuna adzaone okha tsiku limodzi."

Ndinawerenga katatu. Manyazi anandigwira.

Chondiwawa n'chakuti ineyo sindinayenere kudabwa. Kodi kwathu ku Dedza mkamwini sapatuka panjira akaona apongozi ake aakazi? Ine ndemwe ndinalumphapo mizere ya mbatata kuthawa mayi a mkazi wanga. Wathu ndimautcha mwambo. Wa anzathu ndinautcha kusasamala mwana, chifukwa sindinafunse.

Ndipo ifetu aphunzitsi kufunsa sitikonda. Timapatsa ana mitu ya chimangirizo monga "Ulendo wanga wa ku Blantyre", mwana woti ngakhale ku Rumphi sanafikeko. Akatilembera bodza lofooka timati ana a kuno Chichewa chimawavuta. Chimawavutadi, si chakwawo. Koma kodi chovuta kwambiri ndi chiyankhulocho, kapena kulemba zinthu zimene sunazionepo? Muuzeni alembe za khola la agogo ake, za maliro a kwawo, za mmene amakamira mkaka, muone ngati mawu angamusowe. Akasowa liwu limodzi amabwera kudzakufunsani yekha, ndipo limenelo saliiwalanso.

Tibwerere kwa Tusekile. Ndinapita ndi kopelo kwa ahedi athu.

"Ndiye mukufuna mukauze a Mwaisango kuti asabwere pamwambo wa sukulu yawo?" anatero ahedi. "Achimwene, denga mukugonamolo anafolera ndi iwowo. Ine musanditchule."

Ndinapitabe kwa a Mwaisango, Lachitatu masana. Ndinawapeza pafupi ndi khola akusoka chingwe. Anandipatsa mpando, anandipatsa chambiko, mkaka wowawasa uja umene ndaphunzira kumwa osakwinya nkhope. Chichewa amachimva bwino, anakhalapo ku Zomba ali msilikali. Ndinati ndabwera kudzawawerengera zimene mdzukulu wawo walemba.

Nthanoyo anaiseka, n'kumati, "Eya, ndi momwemo." Nditafika pa timizere tomaliza tija, kuseka kunatha.

"Walemba yekha mwanayu?"

"Yekha, bambo."

"Ndiye inu aphunzitsi mwabwera kudzathetsa mwambo wathu?"

"Ayi bambo, ine ndine mlendo. Ndangoti mumve."

Anatenganso chingwe chawo. Ndinaganiza kuti basi ndaononga zonse, mawa ndiyambe kumanga katundu. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Mukauze ahedi kuti Lachisanu sindipezeka. Ng'ombe zanga zikupita kudibi. Ndipo muuze mwanayo akanene zimenezi kunyumba, onse amve."

Aliyense kuno amadziwa kuti dibi ndi Lachiwiri. Pakamwa panga panatseguka kuti ndiwakumbutse, uphunzitsi ndi matenda. Mwamwayi ndinatsekanso.

Mukuona nzeru zake? Sanathyole mwambo. Sananene kuti mkamwana abwere adzakhale nane. Sanavomerenso kuti panali cholakwika. Anangodzichotsapo, munthu amene amakonda mpando wakutsogolo uja kuposa chilichonse, amene sanaphonyepo mphoto ya mdzukulu wake chiyambire Sitandade 1. Ine wamapepala ndikanasiyidwa ndekha ndikanaitanitsa msonkhano wa komiti, tikanakangana mpaka dzuwa kulowa, ndipo mayi aja akanakhalabe pamango.

Lachisanu linafika. Makolo anadzaza pansi pa mitengo, a tcheyamani a chipani anayankhula, kwaya inaimba. Ine maso anali kunjira. Ndiye ndinaona mayi wamtali, wavala chitenje chatsopano, waima kumapeto kwa bwalo. Sanalowe msanga. Anafunsa mayi wina, kenako anafunsanso wina, ndipo ndinadziwa chimene akufunsa. Atatsimikiza kuti apongozi awo kulibedi, anadzakhala pamphasa pakati pa anzawo.

Tusekile anaitanidwa. Anaima ndi kope lake, anayang'ana kumphasa kuja kamodzi, ndiye anayamba. Timizere tomaliza tija tinagwirizana kuti tisiye, n'ta m'banja. Anawerenga nthano yokhayo, mokweza, osaphonya liwu. Atafika pamene mkamwana akuthawira m'nthochi ndi mtsuko pamutu, azimayi onse anafa nazo kuseka, ngakhale amene Chichewa amangochimva patalipatali. Anadziona okha m'nkhani yolembedwa, mwina koyamba.

Asanatseke n'kope lomwe, nthungululu inalira kuchokera kumphasa kuja. Imodzi yokha, yaitali, isanafike nthawi yoombera m'manja. Palibe amene analetsa.

Mwambo utatha anabwera kwa ine awiriwo. Mayi aja anagwada, anati "Ndagha", ndiko kuthokoza kwa kuno, kenako anayankhula zambiri m'Chinkhonde akuseka, misozi ili m'maso. Ine ndinangogwira mawu awiri atatu, ndiye ndinafunsa mwana kuti akuti chiyani.

Tusekile anayang'ana pansi, akumwetulira. "Akuti kunyumba ndine wofatsa, ndimayankhula pang'onopang'ono. Akuti sankadziwa kuti mawu anga amafika mpaka kumbuyo."