Theka Limene Ndinawabisira Amuna Anga

Mwana wathu Tadala atapezeka ndi siko selo, matenda a magazi otengera kumtundu, ine ndinadziwiratu kumene achokera. Kwathu ku Nkhudzi sitidwaladwala, ndiye anali a kuchimuna basi.

Anthu a kafukufuku kuchipatala anatitenga magazi tonse awiri, koma zotsatira ndinakamva ndekha, bambo a Tadala ali panyanja. Nesi anandiuza kuti mwana amadwala pokhapokha akatengera kwa makolo onse awiri, ndipo tonse tili nako kambewu kake.

Kunyumba ndinanena theka lokha.

"Akuti akupezani nako inuyo," ndinatero, uku ndikupukusa mutu mwachisoni.

Amuna anga anakhulupirira. Kuyambira tsikulo ankamumwetsa okha mankhwala Tadala, kumufunditsa kukazizira, mpaka kuchapa zovala zake. Ine ndinkangoti, "Musadandaule, ndinakukhululukirani." Miyezi iwiri yathunthu!

Kenako anati andiperekeze kuchipatala. Ndinawakumbutsa za maukonde ong'ambika, koma anakwera minibasi ndithu. Tisanakhale n'komwe pansi, anafunsa nesi uja chochita kuti magazi awo oipawo asadzavutitsenso mwana wina.

"Palibe wolakwa, bambo," anatero nesi. "Paja mayi anakuuzani kuti nawonso ali nako?"

Ndinayang'anitsitsa kalendala ya pakhoma ngati ndataya tsiku.

Pobwerera sanandikalipire. Tikudutsa pa Nkopola anangoti, "Amayi anga akhala akulira kuti mtundu wawo wapweteka mdzukulu. Lamlungu mukawafotokozere nokha."

Ndinapitadi, n'kugwada. Mpaka lero apongozi akamandipatsa moni amawonjezera kuti, "Nanga magazi kwanu ali bwanji?"