Manja a amakaniko a kuseri kwathu

Amakaniko okalamba a kuseri kwathu sakhulupirira makina oyezera. Ikabwera galimoto yokwezedwa, yamatayala akuluakulu, yogwedeza chiwongolero, amaiyendetsa okha pamsewu wokumbika, manja awo n'kuwauza bawuti lomwe lakhwefuka.

"Mwaikweza ngati nsanja, ndiye mukudabwa kuti ikunjenjemera?" amakonda kutero.

Sabata yatha anakonza ina, koma ataiyesa anati ikugwedezabe. Anaimasula katatu, mpaka mwini wake anatopa n'kuiyendetsa yekha.

"Bambo, galimotoyi ili bwinobwino," anatero pobwerako.

Iwo anakana, n'kukweramo. Asanalize n'komwe injini, manja awo anali akunjenjemera kale pachiwongolero. Anayang'ana manjawo nthawi yaitali, kenako anatsika n'kupereka makiyi.

"Pita, mwanawe," anatero chapansipansi. "Izi zokha zilibe sipanala yake."