Neti ya pa nazale

Neti ija ndinakailandira ndekha ku sikelo, wapansi, mwana wanga wamkazi ali kumbuyo. Sinathe miyezi iwiri ili m'nyumba. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinaipeza yayalidwa pa nazale ya fodya, atachita kuikhomera ndi zikhomo. Amuna anga anati nkhuku zikupalasa mbande, komanso ku Wimbe kuno aliyense amatero. Anati udzudzu sunayambe, mvula ikagwa abweza. Ndinangoti chabwino, ndipo mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Mvula inagwa, fodya tinawokera, neti inatsala pachitsa ili mabowo okhaokha. Fodya atafika m'mawondo, mwana anatentha thupi. Bambo ake anati tidikire kaye timalize kubandira. Tsiku lachitatu mwana anayamba kuphupha, maso atatembenuzika, ndipo ndinakwera naye kabaza osatsanzika munthu.

Kuchipatala anamubaya chala, n'kupeza malungo. Anamwino, mayi wachikulire wosapsatira mawu, anandifotokozera akumuika diripi. Anati kachilomboka sikangoyandama m'magazi ayi. Kamayamba kabisala m'chiwindi, kenako kamalowa m'kati mwenimweni mwa timaselo tofiira ta magazi, n'kumadya momwemo, n'kumaswana. Kamachititsanso kuti timaseloto tizimata, choncho timakakamira m'timitsempha ta mu ubongo mpaka magazi kulephera kudutsa. Thupi limakhala likudyetsa mdani amene lamusunga lokha.

Ndinapsa mtima pomwepo, chifukwa ndinamudziwa mlendo wa khalidwe limenelo. Fodya analowa m'nyumba mwathu chimodzimodzi. Anatenga khonde, anatenga nkhuni, anatenga misana yathu, pomaliza anadzatenga ndi neti ya mwana.

Amuna anga anafika mawa lake, zala zili bii ndi utomoni wa fodya, atanyamula neti ija m'jumbo, yochapa, mabowo atawamanga ndi luzi.

"Mwabweretseranji?" ndinawafunsa. "Kafunditseni fodya wanu, si ndiye mwana wanu woyamba."

Anangokhala pansi pafupi ndi bedi, jumbo ili pamiyendo.

Mwana anatsitsimuka patapita masiku anayi, koma makutu anatsekeka. Fodya wa chaka chimenecho anachita bwino kwambiri, moti anthu amamutchulabe akamacheza pa chigafa. Ine akayamba nkhani imeneyo ndimanyamuka. Mwana wanga tsopano ndi namwali, ndipo ndikafuna kumuitana ndimachita kupita kukamugwira phewa.