Tinawavotera Bambo Pokweza Manja

Bambo anga anabwera ku Perth, ku Australia, kudzationa kwa miyezi itatu, mliri n'kutseka malire iwo ali konkuno. Anali msilikali wopuma, munthu wozolowera kuti akangotsokomola anthu aziimirira. Ku Armadale, dera lomwe tinkakhala, kunalibe wowaimirira. Mwamuna wanga ankalawirira sitima kupita ku Midland kukasamalira okalamba, ine maso ali pa kompyuta, kulemba za mbiri ya Agiriki akale. Bambo ankangokhala pakhonde, n'kumaonda ine ndikuona.

Tsiku lina ndinawapeza akulongedza sutikesi. Anali atamva zoti kuli ndege yopita kwathu yodutsa m'mayiko atatu. Munthu wodwala shuga! Kumudzinso kunalibe wowasamalira, poti mayi anali atatisiya kale. Ndinachita mantha zedi, koma bambo anga ukawaletsa chinthu ndiye wawatuma.

"Kuno ndasanduka katundu," anatero.

Pofuna kungowachedwetsa, ndinawauza zomwe ndinkalemba: kuti ku Atene akuluakulu a nkhondo ankakhalapo khumi, ndipo ankawasankha anthu wamba chaka ndi chaka, pokweza manja pabwalo.

"Woumba mbiya kusankha jenerali?" Anaseka mpaka misozi. "N'chifukwa chake anatha anthu amenewo."

"Koma wosankhidwayo ankagwira chaka chathunthu, ababa. Osathawa."

Mwamuna wanga atabwera ndinamunong'oneza. Tili patebulo ndinalengeza kuti nyumba ino ili pankhondo ndi matenda koma ilibe mtsogoleri. Nditatchula bambo, manja athu awiri anakwera. Bambo anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Zachibwana," anatero.

M'mawa mwake tinawapeza pakhomo atanyamula botolo la sanitaiza.

Tinaziputa dala. Nsapato zonse panja. Masiki kuchapa, kuwasita ngati yunifolomu. Mkamwini wawo akaweruka, molunjika kubafa, moni pambuyo. Katemera atafika anayamba ndi iwo, ati mtsogoleri sabisala kumbuyo kwa anthu ake. Pakamwa ndinkadandaula, koma masaya awo anabwerera ndipo mumtima ndinkakondwa kwabasi.

Chaka chitakwana ine ndinali nditaiwala. Iwo ayi. Anatulutsa sutikesi ija n'kuiimika pabalaza, atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Nthawi yanga yatha lero," anatero. Anayang'ana kapeti. "Kodi Agiriki ako aja, munthu ankaloledwa kuimanso?"

"Kangapo konse, ababa."

Ndisanamalize n'komwe, dzanja lawo linali m'mwamba kale.