Amphaka Anga M'galimoto ya Alamu

Sindidzaiwala ulendo wanga wochoka ku Mzuzu kubwerera kwathu kwa Malemia. Inu owerenga, ndinachita zopusa ndili munthu wamkulu, ndipo ndikukuuzani kuti inu zisadzakuonekereni.

Nditapuma pa ntchito yanga ya unamwino, ndinaganiza zobwerera kumudzi kukalima mpunga. Katundu wamkulu anatsogola pa lole. Ndinatsala ine, zikwama, amphaka anga awiri, Mwaye wakuda ndi Kamzungu woyera, komanso nkhunda zomwe ndinkaweta kuseri kwa nyumba. Amene anadzanditenga anali alamu anga a Yusufu, amuna a mng'ono wanga, a ku Naisi. Ali ndi galimoto yaing'ono yomwe amanyamulira amayi a geni ya mpunga. Ndi munthu waukhondo kwambiri, ndipo galimoto yawo inkanunkhira sopo.

Ataona amphakawo anandifunsa ngati anakwerapo galimoto. Ndinayankha monyada kuti ana angawa ndi ofatsa, angogona njira yonse. Kuti agonedi, ndinawakhutitsa usipa ndi mkaka tisananyamuke. Kenaka ndinawaika onse awiri mu katoni imodzi, n'kuboola timabowo, n'kumanga ndi chingwe. Nkhunda ndinaziika m'dengu lovundikira ndi chitenje, pambali penipeni pa katoniyo. Taganizani, namwino wathunthu kuika nkhunda pamphuno pa mphaka!

Titangoyamba kukhotakhota m'mapiri a Chikangawa, amphaka anayamba kulira. Sikunali kulira kwa masiku onse ayi, kunali ngati makanda awiri akutsinidwa. Posakhalitsa ndinamva phokoso la kusanza, kenaka fungo linatipeza kutsogolo. Abale, ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, ndasambitsa odwala a mitundu yonse, koma fungo la usipa ndi mkaka zobwerera m'mimba mwa mphaka sindinalimvepo. A Yusufu anatsitsa magalasi pang'ono. Kunja kunali chisanu, koma tinalolera kuzizidwa.

Dzuwa litakwera, zinthu zinafika poipa. Amphaka aja anatsegula m'mimba chifukwa cha mantha. Katoni inanyowa ndi mkodzo mpaka inafewa ngati phala, ndipo tisanafike pa Kasungu inabooka. Mwaye anatuluka thupi lonse lili noninoni, nadumphira pa dengu. Nkhunda zinabalalika m'galimoto monse, nthenga zili mbuu, zitosi zikugwera pamitu pathu. Kamzungu anathawira kumapazi kwa alamu, pomwe pali mabuleki. Galimoto inapepeluka, ndipo tinatsala pang'ono kugunda bambo wa njinga yemwe ananyamula mayi wobereka mwana kumsana. Nkhope ya mayi ujayo ndimaionabe.

Titaima pambali pa msewu, ndinatsegula chitseko n'kumukoka Kamzungu mwendo. Anandikanda dzanja mpaka magazi chuchuchu, napulumuka, n'kulowa m'munda wa fodya. Ndinamuitana mpaka mawu kusasa, osabwera. Kumbuyo, Mwaye anali atapha nkhunda imodzi, magazi ali pampando.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Inali nthawi yoti alamu apemphere. Mkanjo wawo woyera ndi kamkeka kopempherera anali atazipinda bwinobwino pamwamba pa zikwama, ndipo Mwaye anali atayenda pomwepo ndi zonyansa zake zonse. Anaunyamula mkanjowo ndi zala ziwiri, nauyang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna andikalipire kuti mtima upepuke, koma anangoti, “Alamu, munati agona.”

Ndinapita kukapempha madzi pa nyumba ina yapafupi. Mayi wa panyumbapo atandiona ndili nthenga kumutu, magazi kudzanja, mphaka wakuda kukhwapa, anakokera ana ake m'nyumba. “Mayi, za kwanuko musabwere nazo pano,” anatero uku akutseka chitseko. Ananditenga ngati mfiti. Tinapukuta mipando ndi chitenje changa chatsopano, n'kuchitaya pomwepo. Nkhunda zotsala ndinazibwezera m'dengu, Mwaye n'kumukulunga m'thaulo n'kumufungatira pamiyendo. Anandikodzera kawiri konse tisanafike pa Balaka, ndipo ndinangokhala m'chinyezi chomwecho, ntchentche zikutilondola paliponse pomwe taima. Palibe amene anadya kanthu tsiku limenelo.

Tinafika kwa Malemia dzuwa likulowa. Abale omwe anathamangira kudzandikumbatira anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Mng'ono wanga anasuzumira m'galimoto ya amuna ake, nandiyang'ana. Alamu anakana ngakhale tiyi.

Mavuto sanathere pomwepo. Dzanja langa linatupa n'kuchita mafinya, mpaka ndinakabayitsa jakisoni. Galimoto ija anaitsuka kangapo, koma dzuwa likangowomba fungo linkadzukanso. Amayi a mpunga anayamba kukwera galimoto zina, ati mpunga wawo ungatenge fungo. Munthu amene anandichitira chifundo anakhala masabata angapo ntchito itaima, mpaka anachita kusintha nsalu za mipando. Mwaye naye anasintha. Akangomva injini ya galimoto amathawira pansi pa nkhokwe n'kumanjenjemera. Za Kamzungu sindidziwa ngati anapeza pokhala kapena agalu anamudya.

Inu owerenga, ngati mukusamuka ndi ziweto zanu, musatengere ine. Pitani kaye kwa alangizi a ziweto akakuuzeni zochita. Musamukhutitse mphaka ulendo uli pafupi. Aliyense akhale m'bokosi lake lolimba, lolowa mpweya, loyalidwa nsanza pansi, ndipo azolowere kugonamo masiku a ulendo asanafike. Mbalame zikhale kutali ndi maso ake. Musatsegule chitseko chiweto chisanatsekeredwe, ndipo nyamulani madzi, sopo ndi zovala zosinthira. Koposa zonse, muuzeni zoona mwini galimoto, asankhe yekha kuvomera kapena kukana.

Alamu anga anandikhululukira, sindingawanamizire. Tikakumana pa msika wa Domasi amandipatsa moni mwaulemu, nthawi zina n'kunditenga. Koma ndisanakwere amayamba ayang'ana dengu langa, kenaka n'kufunsa motsitsa mawu, “Alamu, m'menemo mulibe chopuma?”