Makapu awiri patsiku

Ndakhala ndikupha mbuzi ndi kugulitsa nyama pamsika wa Lisungwi kuyambira ndisanakwatire, choncho kwathu ku Midzemba amanditenga ngati wodziwa zam'kati mwa thupi. Wina akadandaula m'mimba amafunsa ine. Inenso sindinkakana, ulemu umakoma. Vuto langa ndi loti ndikanena chinthu sindifuna wina awonjezerepo, ndipo khalidwe limeneli linatsala pang'ono kuphetsa amayi anga.

Chaka chimenecho, dzuwa la Okutobala lili pachimake, amayi anayamba kubanika. Sankatha kugona chagada, ankangokhala tsonga atatsamira khoma, mpweya uli wefuwefu. Mlongo wanga, yemwe amakhala nawo pakhomo, anandiimbira foni ndipo tinawatengera kuchipatala. Dokotala amene tinam'peza anali wakumpoto, munthu wofatsa. Anaika dzanja pamsana pa amayi n'kumagogoda ndi chala. Kumanzere kunkalira ngati chigubu chopanda kanthu, kumanja ngati chodzaza.

"Muli madzi m'chifuwamu," anatero.

Analowetsa singano pakati pa nthiti, ndipo m'botolo munayamba kutsikira madzi achikasu ngati tiyi wosakolera. Amayi anapuma bwino pomwepo. Dokotalayo atayeza anati ndi TB. Anatipatsa mankhwala, n'kutichenjeza kuti madziwo akhoza kubwereranso.

Liwu loti madzi ndi limene linandisokoneza mutu. Ndikanafunsa, koma paja safunsa anadya phula. Ndinangodziwerengera ndekha m'njira kuti madzi sangapezeke m'thupi osadzera pakamwa. Titafika kunyumba ndinaika lamulo: amayi azimwa makapu awiri patsiku, ina m'mawa yomwera mankhwala, ina madzulo, basi.

"Achimwene, kutentha konseku?" anafunsa mlongo wanga. "Adokotalatu sananene zimenezo."

"Adokotala sangakuuze zonse. Ukufuna akawabayenso singano ija? Kodi iwe unatsegulapo chifuwa cha nyama?"

Amayi ndi amene anamaliza nkhaniyo: "Uwamvere achimwene ako, ndiwo amadziwa." Ndinanyamula ndowa yamadzi ndi manja angawa kuichotsa m'nyumba mwawo, n'kubwerera ku Lisungwi mtima uli m'malo. Masiku otsatira mlongo wanga akaimba kuti amayi akufooka, ndinkamuyankha kuti ndi mphamvu ya mankhwala.

Patapita masiku oposa sabata, m'mawa wina ndinapha tonde amene ndinamuona akumwa madzi m'beseni ndisanam'gwetse. Nditam'sadzula, madzi aja ndinawapeza m'thumbo lalikulu, osakanikirana ndi msipu. Manja anaima okha. Pamwamba pa chiwindi pali chotchinga cha mnofu wopyapyala chimene chimalekanitsa mimba ndi chifuwa. Ndachidula kosawerengeka, koma tsiku limenelo ndinachiyang'anitsitsa koyamba. Mmero umangodutsa pachotchingacho, wotsekeka bwinobwino, osadontha paliponse. Kuseri kwake kuli chipinda china, mapapo ali momwemo, mtima uli m'kathumba kakekake. M'chipindamo munalibe madzi a m'beseni ngakhale dontho. Ndinasisita mkati mwa nthiti ndi chala. Munali nembanemba yonyezimira, yoterera, yonyowa payokha.

Nyamayo ndinasiyira mnzanga wa benchi loyandikana ndi langa, n'kukwera njinga yamoto ndisanasambe m'manja bwinobwino.

Ndinawapeza amayi atagona pamphasa, milomo itang'ambika, maso atalowa m'kati. Anandiyang'ana n'kunditcha dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Mlongo wanga sanandilonjere n'komwe.

"Sanakodze chiyambire dzulo," anatero.

Kuchipatala anawaika diripi msangamsanga. Dokotala uja atafunsa ngati amayi ankatsegula m'mimba kapena kusanza, mlongo wanga anangondiyang'ana. Ndinaulula ndekha. Ndinkafuna andikalipire, mwina ndikanapepukidwa, koma iye anatenga pepala n'kujambula. Anati nembanemba ya m'chifuwa ili pawiri, ina imakuta phapo, ina imamatirira kunthiti, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tochepa toti phapo lizitsetsereka munthu akamapuma. Matenda akaigwira imatulutsa madzi ambiri, ndipo phapo limapanikizika. Madziwo amachokera m'magazi, sayenderana ndi kapu.

"Tsopano nkhawa yathu ndi impso," anatero. "Zauma nthawi yaitali."

Masiku atatu ndinakhala pabenchi la panja pa wodi, ndikudikira nkhani ya mkodzo wa amayi anga. Mwamuna wamkulu ngati ine, chinthu choti pachikhalidwe chathu sungachitchule n'komwe, ndinkachifunsa kwa namwino aliyense wodutsa. Ndinkadzida. Ndinkakwiyiranso mlongo wanga kuti bwanji sanandikanire zolimba, kenako n'kuchita manyazi ndi mkwiyo womwewo, popeza ndine ndinam'tseka pakamwa. Tsiku lachitatu masana mlongo wangayo anatuluka m'wodi, nandiuza mosandiyang'ana kuti akodza.

Amayi anachira. Mankhwala anamaliza, madzi a m'chifuwa sanabwererenso, ngakhale mphamvu zawo zakale zolimira sizinabwerere. Ndinawapepesa nditagwada, pamaso pa mlongo wanga. Ndinawafotokozera za chotchinga, za mmero, za nembanemba, mpaka tsiku lina ndinabwera ndi chifuwa cha mbuzi chosadula kuti aone ndi maso awo. Anachiyang'ana, anagwedeza mutu, n'kundiyamikira kuti nyamayo ndi yonona.

Koma zimene ndinanena koyamba zija ndi zimene zinakhazikika. Mlongo wanga amati ine ndikakhala kulibe amamwa pang'onopang'ono, mochita kuwakakamiza. Ndikakhalapo ndiye zimavuta. Mwezi wathawu ndinapita kukawaona, kunja kukutentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Ndinatunga madzi ozizira m'kapu yaikulu n'kuwapatsa. Anailandira ndi manja awiri, milomo ili gwa, koma sanamwe. Anayamba andiyang'ana kaye.

"Bambo, ina ndamwa kale m'mawa," anatero motsitsa mawu. "Iyi ndimwe, kapena ndisungire madzulo?"